Buku la Njanji: Chaka Chachisanu ndi Chimodzi

Chaka chilichonse, nyama ya Eid ya nsembe ikatha m'miphika ndipo mwezi wa Muharram ukayandikira, timatulutsa bokosi lachitsulo limene limakhala kunsi kwa bedi n'kukhala nalo pakhonde itatha swala ya Asr. M'bokosimo muli makope a ana a sukulu, mapepala omangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, ndi zithunzi zowerengeka. Zonsezi pamodzi ndi buku limene tidayamba kulemba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, buku la njanji, lomwe mpaka lero lilibe dzina. Wamalonda amawerenga katundu wake chaka chikazungulira kuti adziwe zakaat imene ayenera kupereka. Ifenso timawerenga masamba kuti tidziwe pamene tafika, ngakhale kuti chuma cha m'bokosi lathu sichidafikepo pa nisab.

Chiwerengero cha chaka chino n'chochititsa manyazi. Bukuli tidalikonzera mitu 12. Chaka chatha nthawi ngati ino tidali titamaliza mitu isanu ndi iwiri, ndipo lero ikadali isanu ndi iwiri yomweyo. Tidalemba masamba 40, tidang'amba 26. Chiswe chidalowera pa ngodya ya bokosi pamene padadyeka ndi dzimbiri, n'kudya theka la kope la chaka chachiwiri. Choposa zonsezi, mkulu amene mutu wachisanu ndi chitatu udatsamira pa iye tidamuperekeza kumanda m'mwezi wa Shawwal, mafunso athu atatu akadali papepala.

Amene sadawerengepo za ntchitoyi angafunse kuti mwalimu wa madrasa akufunanji pa njanji. Tidakulira kufupi ndi Chipoka, pamene sitima ya pamtunda inkakumana ndi sitima ya panyanja. Tili ana tinkasiya mbuzi kudambo tikamva kulira kwa sitima kuchokera cha ku Golomoti, n'kuthamangira kusiteshoni kukawerenga mabogi ndi kuona amayi akukweza madengu a usipa. Titakula tidapita ku koleji ya maphunziro a Chisilamu, ndipo za sitima tidaziiwala. Tsiku lina, m'phunziro la mbiri, mphunzitsi adatchula njanji ya Hijaz, imene idamangidwa m'nthawi ya Sultan Abdul Hamid II kuchokera ku Damascus, ndipo idafika ku Madina mu 1908. Chakacho tidachilemba m'kope chifukwa cha mayeso basi. Patapita zaka zambiri, titaperekeza ana a madrasa kunyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, tidaima pafupi ndi mutu wa sitima yakale ya nthunzi umene uli pabwalo pamenepo, ndipo tidamva kuti sitima yoyamba idafika ku Blantyre mu 1908. Chaka chimodzi chomwecho, sitima idalowa mumzinda wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ndipo ina idakwera mapiri a kwathu kuno. Usiku umenewo tulo sitidatione, ndipo sabata yotsatira tidagula kope loyamba.

Njanji ziwirizi n'zofanana kuposa mmene tinkaganizira poyamba. Ya Hijaz idayamba kumangidwa mu 1900, ndipo kuchokera ku Damascus kudzera ku Amman, Ma'an, Tabuk ndi al-Ula mpaka ku Madina ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,300. Ulendo umene mahaji ankayenda pa ngamira kwa masiku ngati 40 udasanduka wa masiku osakwana sabata. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ziwiri ndi mamilimita 1,050, pamene pa njanji yathu ndi 1,067. Kusiyana kwake ndi mamilimita 17 okha, ngati kunenepa kwa chala. Yathu idayambira ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, n'kudutsa ku Chiromo, chifukwa madzi a mu Shire adachepa moti sitima za pamadzi zinkalephera kukwera. Mu 1915 idatsikira ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji yochokera ku Beira idafika tsidya lina la mtsinjewo, ndipo anthu ndi katundu ankawoloka pa chombo kufikira mu 1935, pamene mlatho wa Dona Ana, wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, udatsegulidwa. Chaka chomwecho njanji idatambasuka kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Balaka ndi Chipoka, mpaka ku Salima.

Masamba 26 amene tidang'amba adali a mutu wachitatu, umene kwa zaka zitatu tinkaunyadira kuposa ina yonse. M'mutu umenewo tidaika njanji ziwirizi pa sikelo. Ya Hijaz tidaiyeretsa ngati kanzu ya tsiku la Eid: njanji yomangidwa ndi sadaka za Asilamu a m'maiko ambiri, mpaka a ku India, yoperekedwa kukhala waqf, yonyamula alendo a Allah. Yathu tidaidetsa ngati mphika: njanji ya azungu a minda, yomangidwa kuti fodya, tiyi ndi thonje zituluke m'dziko, yosiyira Nyasaland ngongole imene idalemera dzikoli kwa zaka zambiri. Zonsezi n'zoona, ndipo mutuwo unkawerengeka mokoma. Titauwerengera anzathu pambuyo pa swala ya Isha ankagwedeza mitu, ifenso tinkamva bwino mumtima.

M'mwezi wa Rajab tidabwereka buku la mbiri ya Ufumu wa Ottoman kwa mnzathu wina, ndipo tidawerenga zimene kale tinkazilumpha dala. Sultan ankafunanso njanjiyo kuti asilikali ake azifika msanga kuchipululu, kumene ulamuliro wake udali wofooka. Ndalama zina sizidali sadaka ya mtima wofuna: antchito a boma ankadulidwa malipiro, ndipo padaikidwa misonkho yapadera. Ambiri mwa amene adagwira fosholo ndi piki m'dzuwa la kumeneko adali asilikali, amene sadafunsidwe ngati akufuna. Katswiri wamkulu wa ntchitoyo kwa zaka zambiri adali Mjeremani, Heinrich Meissner, ngakhale kuti gawo lomaliza lolowa ku Madina lidamalizidwa ndi Asilamu okhaokha. Mafuko a m'chipululu, amene ankadya za kubwereketsa ngamira ndi kuperekeza mahaji, adaidana nayo njanjiyo, ndipo mwa zifukwa zina n'chifukwa chake siidafike ku Makka. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaphwasulidwa m'malo ambiri, ndipo ena mwa oiphwasulawo adali Asilamu. Lero siteshoni ya ku Madina ndi nyumba yosungira zinthu zakale, ngati ya ku Chichiri.

Tsono tidatembenukira ku njanji yathu yodetsedwayo n'kukumbukira agogo athu aamuna. Ambiri a m'badwo wawo adapita ku Southern Rhodesia wapansi, kudzera ku Tete, koma iwo adakwera sitima: kutsikira ku Zambezi, kuwoloka, kufika ku Dondo, n'kukhotera ku Umtali ndi Salisbury. M'thumba mwawo mudali kanzu, tasbih ndi juzu imodzi ya Qur'an yokutidwa ndi nsalu. Anthu ngati iwo, Ayao ndi Achewa a m'mbali mwa nyanja, ndi amene adaimika swala m'makomboni a m'migodi ndi m'matauni a dziko limenelo, ndipo zidzukulu zawo zikuswali m'mizikiti ya ku Zimbabwe mpaka lero. Amene adamanga njanji adaimangira fodya, koma idanyamulanso adhana. Titaona zimenezi tidazindikira kuti mutu wachitatu udali khutba imene tidaiveka malaya a mbiri. Ife amene timaphunzitsa ana kuti mboni iyenera kunena zoona ngakhale zikomere mdani, tidakhala mboni yokondera kwa zaka zitatu. Tidang'amba masambawo usiku, ana atagona, ndipo m'mawa mayi a kunyumba adakolezera moto wa phala.

Masamba 14 amene adatsala pa 40 aja ndi chiyambi cha mutu wachitatu watsopano. Ndi wosakoma ngati woyamba, ndipo palibe amene adzagwedeze mutu poumva. Komabe tikhoza kuuwerenga pamaso pa Mturuki kapena pa mdzukulu wa mzungu wa minda popanda kugwetsa nkhope.

Mkulu amene tamutchula uja tidamupeza chaka chathachi kudzera mwa mwana wa madrasa, amene adati agogo ake adagwirapo ntchito ya njanji. Adali bambo wa zaka zopitirira 80, wamaso ofooka koma wamawu amphamvu, ndipo moyo wake wonse wa ntchito adali m'gulu la okonza njanji pakati pa Chipoka ndi Sharpevale. Tidacheza naye kawiri, pamkeka, pansi pa mtengo wa mango. Adatifotokozera mmene ankayendera m'mawa uliwonse ndi nyundo, kugogoda zitsulo ndi kumvetsera, chifukwa chitsulo chong'aluka chimalira mosiyana ndi chabwino. Adatifotokozera za mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza, imene m'chilimwe imakhala mchenga wokhawokha koma m'dzinja imakokolola dothi kunsi kwa njanji usiku umodzi, n'kusiya zitsulo zili lende m'malere. Usiku wotero munthu ankathamanga ndi nyali yofiira kukaimitsa sitima isadafike. Adaona sitima za nthunzi zikulowedwa m'malo ndi za dizilo, ndipo adati adazilira za nthunzi ngakhale zinkatentha tchire ndi minda.

Tidamufunsa mmene ankaswalira kuntchito. Adaseka n'kuti, "Amwalimu, ife chibla sichinkativuta. Ukaima m'mbali mwa njanji kuyang'ana ku Salima, n'kupendekera pang'ono ku dzanja lamanja, cha kunyanja, wayang'ana ku Makka. Mzungu adatilembera mzere osadziwa." Titabwerera kunyumba tidayesa pa mapu, ndipo tidapeza kuti adanena zoona: kuchokera kuno chibla chili kumpoto, kupendekera pang'ono kummawa, ndipo m'dera limenelo njanji imalunjika kumpoto. Madzi otawazira ankasunga m'chitini cha mafuta chotsukidwa bwino, ndipo m'mwezi wa Ramadhan anzake a Chikhristu ankamusiyira ntchito yopepuka dzuwa likapendeka. Zimenezi sizipezeka m'mapepala a ku Zomba, kumene kumasungidwa zolemba zakale za boma. M'mapepala muli matani, mapaundi ndi maina a mabwana. Munthu wa nyundo mulibemo.

Pa ulendo wachiwiri adanena chinthu chimene chidatisokoneza. Adati sitima idafika kuno chaka cha njala, kutanthauza njala ya 1949. Ife tinkadziwa kuti idafika mu 1935, iye asadabadwe. Sitidamutsutse, chifukwa mwana satsutsa mkulu pakhomo pake, koma m'kope tidalemba chizindikiro cha kukayika pambali pa mawu ake. Ku koleji adatiphunzitsa mmene akatswiri a hadith ankayesera wosimba nkhani: kodi ndi wolungama, kodi amasunga bwino zimene adamva, kodi zonena zake zikugwirizana ndi za ena odalirika. Tidamuyesa mkuluyo pa sikelo imeneyo tili m'minibasi, ndipo tidagamula mumtima kuti ukalamba wayamba kumusokoneza zaka. Kukayika kumeneko kudagwera pa zonse zimene adatiuza, ngakhale za nyundo ndi nyali yofiira. Potsanzikana adatigwira dzanja nthawi yaitali n'kuti, "Mubwerenso tikakolola, Amwalimu. Pali za mlatho zimene sindidakuuzeni."

Sitidabwerere. Choyamba kudali mayeso a ana. Kenako kudabwera Ramadhan, ndi tarawih usiku uliwonse, ndipo tidati tipita ikatha Eid. Itatha Eid ndalama ya ulendo idapita ku nsapato za mwana. Zifukwa zonsezi zidali zenizeni, koma pansi pake padali chifukwa china chimene tikuchivomereza pano koyamba: tidali titamutsitsa kale mkuluyo pa mndandanda wa mboni zathu, ndipo ulendo wa kwa iye sudaonekenso wofulumira. Uthenga udabwera ndi mdzukulu wake yemwe uja, Lachiwiri m'mawa, tikulembetsa ana zilembo pa bolodi. Tidafika akumaliza kumusambitsa. Tidaima pa mzere wachiwiri wa swala ya janaza, ndipo pamene anthu ankamupemphera chikhululuko, ife tinkapempha chathu.

Patapita masiku tidabwerera kukapepesa bwinobwino, ndipo tidakhala ndi mwana wake wamkazi wachisamba, mayi wa zaka ngati 60. Tidamuuza za buku, ndipo mwamanyazi tidatchula za chaka cha njala. Mayiyo adayankha mosadabwa konse. "Imeneyo ndi nkhani imene abambo ankatiuza kawirikawiri. Kwawo kudali kumapiri, kutali ndi njanji. Chaka cha njala agogo aakazi adawatenga, ali mwana, ulendo wa masiku awiri kupita kusiteshoni, atamva kuti kwabwera chimanga. Ndi tsiku limenelo pamene adaona sitima koyamba. Ankati idabwera ikufuka utsi, itanyamula moyo." Tidakhala chete. Mkuluyo sadasokoneze zaka. Ife tidamufunsa za sitima, iye adatiyankha za tsiku limene sitima idafika m'moyo wake, ndipo ife ndi maphunziro athu sitidamve. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Awa adagonera mpaka mwini wake adagona m'manda.

Nkhaniyo tailemba m'mutu wachisanu ndi chitatu monga mmene tidaphunzirira kulemba nkhani yolandira kwa ena: tidamva kwa mwana wake wamkazi, amene adamva kwa bambo ake. Chizindikiro cha kukayika chija sitidachifufute m'kope. Tachisiya kuti tizichiona. Za mlatho zimene adafuna kutiuza adapita nazo, ndipo mafunso atatu aja tawasiya m'mutuwo monga mmene adalili, opanda mayankho, kuti wowerenga adzaone pamene padaduka.

Mayi a kunyumba akhala akupirira ntchitoyi kuposa mmene tingawabwezere. Malipiro a mwalimu wa madrasa owerenga athu akuwadziwa, sitifunika kuwatchula. Ulendo umodzi wa ku Zomba, ndi chakudya ndi malo ogona, umadya ndalama imene ikadagula malata awiri, ndipo khitchini yathu ikadali yofolera ndi udzu. Tsiku limene tidapeza chiswe m'bokosi tidakhala pansi ngati taferedwa. Iwo adatenga makope onse, kuwayanika pa mkeka, kukutumula limodzilimodzi, ndipo atamaliza adafunsa mofatsa: "Abambo, kodi bukuli lidzatha ife tili moyo?" Sitidayankhe, chifukwa yankho loona sitidali nalo. Madzulo ake tidapeza atamata ngodya ya bokosi ndi phula, ndipo adaika bokosilo pamwamba pa njerwa zinayi. Chiyambire tsikulo mwana wathu wamkazi wa Fomu 3 amajambula tsamba lililonse pa foni tikangolimaliza, ndipo Loweruka amalemba pa kompyuta ya kusukulu kwawo zimene angathe. Akuti zolemba zathu n'zovuta kuwerenga kuposa za dokotala.

Funso lina lidachokera kwa shehe wina amene timamulemekeza, amene adatiphunzitsapo tili anyamata. Atamva kuti tikadali pa buku lomweli adati, "Mwana wanga, usiku umene ukuthera pa zitsulo, ukadalemba kabuku ka twahara m'Chichewa bwenzi ana angati atapindula?" Funsoli n'lolemera, ndipo sitidalipeputse. Nthawi ya munthu ndi amana, ndipo tidzafunsidwa mmene tidaigwiritsira ntchito. Tidalingalira kwa masabata angapo zosiya. Chimene chidatibweza ndi ichi: mabuku a twahara alipo, ndipo ena odziwa kuposa ife akulemba ena, koma za Msilamu wa nyundo amene ankapeza chibla ndi njanji palibe amene akulemba. Mbiri ya Chisilamu m'dziko muno timaiyamba ndi a Jumbe a ku Nkhotakota ndi mafumu ngati Makanjira, n'kudutsa pa mashehe akuluakulu monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, ndipo n'koyenera kutero. Koma pakati pa maina amenewa padali anthu wamba zikwizikwi, osoka zovala, ophika, asodzi, onyamula katundu, okonza njanji, amene adasunga swala m'malo mopanda mzikiti. Tidabwerera kwa shehe n'kuwauza zimenezi. Adamvetsera, sadavomereze kapena kukana, ndipo pomaliza adati tisalole kuti bukulo lidye nthawi ya ana. Pamenepo tidalonjeza, ndipo tikusunga: cholembera cha buku sitichigwira kufikira ntchito ya mawa ya madrasa itakonzedwa.

Nthawi zina ntchito ziwirizi zimakumana zokha. Chaka chino, pophunzitsa za swala ya wapaulendo, tidajambula njanji pa bolodi ndi masiteshoni ake. Tidawauza ana kuti m'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira kuno kunyanja, munthu amaloledwa kufupikitsa swala za maraka anayi ndi kuphatikiza Dhuhr ndi Asr ngati ulendo wake ukupitirira pang'ono makilomita 80. Tsono tidafunsa: wochoka ku Chipoka kupita ku Salima afupikitse? Adawerengera n'kuti ayi. Nanga wopita ku Balaka? Adati inde. Nanga wopita ku Nayuchi, kudzera ku Nkaya ndi pa mlatho wa ku Liwonde, pa njanji imene idatsegulidwa mu 1970 kulunjika ku Nacala? Adafuula onse kuti inde. Phunziro limene zaka zonse linkatenga sabata lidalowa tsiku limodzi. Kamnyamata kena kadafunsa ngati munthu angakwere sitima pa Chipoka mpaka kukatsikira ku Makka. Tidayankha kuti ayi, koma kuti mahaji a lero amakwera sitima yothamanga kwambiri pakati pa Makka ndi Madina, imene idatsegulidwa mu 2018, ndipo mtunda wa makilomita pafupifupi 450 imaudula m'maola osakwana atatu. Gawo limene Sultan adalephera kulimaliza lidadikira zaka 110. Titanena chiwerengero chimenechi tidaganiza za bokosi lathu, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zidaoneka zochepa.

Mitu imene yatsala tikuidziwa. Pali wa doko la Chipoka ndi sitima za panyanja, kuphatikizapo Ilala, imene idamangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Pali wa njanji ya ku Lilongwe ndi Mchinji, imene idamalizidwa mu 1979 ndi 1980. Pali wa zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zidatsekeka, ndipo katundu wa dziko lino adayamba kuzungulira pa malole. Pali wa masiku ano, pamene sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa pa Nkaya ndi Liwonde usana ndi usiku, pamene ana a kwathu amadziwa minibasi ndi kabaza kuposa sitima. Mitu imeneyi ikhoza kudikira, chifukwa mapepala ake sadzafa. Zaka ndi ziwerengero tidzazipeza pamene tidazisiya.

Chimene sichingadikire ndi anthu. Pachikuto cha kope la chaka chachisanu ndi chiwiri talemba mndandanda wa akuluakulu asanu: awiri adagwira ntchito ya njanji, mmodzi ankagulitsa matikiti, mmodzi ndi mayi amene adachita malonda a nsomba pa sitima kwa zaka zambiri, ndipo wachisanu ndi mayi amene mwamuna wake adakwera sitima ya ku Harare n'kukhala mtchona, osabweranso. Wamng'ono mwa iwo ali ndi zaka zoposa 75. Tatsimikiza mtima kuti, Insha Allah, chaka chikubwerachi sitilemba tsamba latsopano ngakhale limodzi kufikira titakhala pamkeka ndi aliyense wa iwo, kawiri kapena katatu, ndipo tikamva chosagwirizana ndi mabuku tidzafunsa pomwepo, mwaulemu, kuti, "Agogo, tatiuzani bwino, inu mudali kuti tsiku limenelo?" Chotero n'kutheka kuti Muharram wa chaka chamawa tidzawerenganso mitu isanu ndi iwiri yomweyo. Owerenga adzatikhululukire.

Tikupemphanso makomo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira ndi ku Machinga. M'nyumba zambiri muli gogo amene adakwerapo sitima kupita ku Limbe, ku Harare kapena ku Joni, kapena amene adadikira pasiteshoni munthu amene sadatsike. Musadikire mwalimu wa bokosi lachitsulo, chifukwa mwaona mmene amachedwera. Mwana wa sukulu atenge kope la masamba 40, akhale pafupi ndi agogo ake itatha swala ya Maghrib, afunse ndi kulemba monga mmene akunenera, osakonza. Alembe tsiku, alembe amene wanena, ndipo kopelo lisungidwe pamwamba, kutali ndi chiswe.

Tsiku lija tidapita kukapepesa, tikunyamuka, mayi uja adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi nyundo ya bambo ake. Mpini wake udasalala ndi manja a zaka zambiri. Tidakana, chifukwa ndi cholowa cha ana, ndipo malamulo a mirath timawaphunzitsa tokha. Mayiyo adati adagwirizana kale ndi alongo ake onse kuti tibwereke kufikira buku litatha, kenako tidzabweze pamodzi ndi buku limodzi la banja lawo. Tidalandira ndi manja awiri. Pobwerera tidatsika minibasi pamene msewu umadutsana ndi njanji, ndipo titaona kuti kulibe munthu, tidagogoda chitsulo kamodzi n'kutchera khutu. Chidalira, koma makutu athu sadziwa kusiyanitsa kulira kwa chabwino ndi kwa chong'aluka. Nyundoyo tsopano ili m'bokosi, pamwamba pa makope, ndipo ndi ngongole imene ili ndi eni ake oidikira.